KUCHOTSA MIMBA: KODI ZIPEMBEDZO ZIMATI CHIYANI?

Akhristu anzanga, nkhani ya kuchotsa mimba si ya m'chipatala mokha. Idafika ku Nyumba ya Malamulo, ndipo ife ndi amene timasankha aphungu. Nchifukwa chake tiyenera kudziwa chimene Mpingo wathu umaphunzitsa, chimene anzathu a zipembedzo zina amakhulupirira, ndiponso chimene lamulo likunena.

LAMULO LA DZIKO LATHU

Buku la malamulo a milandu, m'ndime 149 mpaka 151, limaletsa kuchotsa mimba. Wochotsa mimba ya mnzake angathe kukhala m'ndende zaka 14, mayi wodzichotsa yekha zaka 7, ndipo wopereka mankhwala kapena zipangizo zaka 3. Ndime 243 imalola dokotala kuchita opaleshoni pofuna kupulumutsa moyo wa mayi.

Mu 2015 bungwe la Law Commission lidapempha kuti lamuloli lilolenso kuchotsa mimba yobwera chifukwa cha kugwiriridwa kapena chigololo cha pachibale, mimba yoononga thanzi la mayi, ndiponso pamene mwana wapunduka kwambiri. Pa 6 Disembala 2016 Aepiskopi athu pamodzi ndi bungwe la Evangelical Association of Malawi adatsogolera ulendo wapamsewu wokana maganizo amenewa. Mu Malichi 2021 aphungu adakana kukambirana biluyo. Koma mu 2025 Khoti Lalikulu lidagamula mokomera mtsikana wamng'ono wogwiriridwa amene adakanizidwa kuchotsa mimba. Tsono nkhaniyi siidathe.

CHIPHUNZITSO CHA MPINGO WA KATOLIKA

Mpingo umaphunzitsa kuti moyo wa munthu uyenera kutetezedwa kuyambira tsiku limene mayi waima. Taonani pa Luka 1:41-44: Yohane adazindikira Ambuye asanabadwe onse awiri. Papa Yohane Paulo II adabwereza chiphunzitsochi m'kalata yake ya Evangelium Vitae mu 1995, kuti kuchotsa mimba mwadala ndi tchimo lalikulu, pa chifukwa chilichonse.

Apa ambiri amasokonezeka. Mpingo suletsa kuchiza mayi. Ngati mimba yakhala kunja kwa chiberekero, m'njira ya mazira, dokotala angathe kuchotsa njirayo ngakhale mwanayo sapulumuka, pakuti cholinga ndi kuchiza mayi, osati kupha mwana. Ndiponso mayi amene wapita padera sadachimwe ayi.

ANZATHU AMATI CHIYANI?

Asilamu nawonso amalemekeza moyo wa m'mimba. Aphunzitsi awo ambiri amati mzimu umalowa mwa mwana pakapita masiku 120. Masikuwo asanakwane, ena amalola kuchotsa pa chifukwa chachikulu, ena amakaniratu. Akapitirira, amalola pokhapokha mayi ali pafupi kufa.

Ayuda amati ngati mwana wosabadwa akuika moyo wa mayi pachiswe, moyo wa mayi ndiwo uyamba, kufikira mutu wa mwana utatuluka.

Akhristu a mipingo ina sagwirizana onse. Ambiri amakana monga ife. Mpingo wa Anglican ku England umatsutsa kwambiri kuchotsa mimba, komabe umavomera kuti pali nthawi zina zochepa pamene kungaloledwe.

Mwaona tsono kuti onsewa sakuyesa mimba chinthu chopanda pake. Kusiyana kwagona pa mafunso awiri: kodi wosabadwayo amasanduka liti munthu wathunthu, nanga moyo wa mayi ndi wa mwana ukapikisana, tichite chiyani?

UDINDO WATHU

Anthu ofuna kuti lamulo lisinthe amanena za amayi amene akufa pochotsa mimba mobisa, ndi zitsamba kapena ndodo za chinangwa. Imfa zimenezi zilipodi. Tisamangokana ndi pakamwa. Mtsikana amathamangira kumeneko chifukwa makolo am'pirikitsa, mnyamata wakana mimba, ndipo ife kutchalitchi tikumuloza chala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tim'landire, tim'perekeze kusikelo, ndipo akabereka abwerere kusukulu. Wogwirira mwana tikam'nene kupolisi, osati kukambirana zakumudzi.

Amene adachotsa kale mimba asataye mtima. Mu 2016 Papa Fransisko adapereka kwa ansembe onse mphamvu yokhululukira tchimoli m'Sakramenti la Kulapa.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MPHAKATI

1. Kodi mphakati wathu umachita chiyani mtsikana wapasukulu akatenga mimba?
2. Nanga mnyamata kapena bambo wopereka mimbayo timam'funsa chiyani?
3. Tingafotokoze bwanji chikhulupiriro chathu kwa phungu wathu popanda kunyoza a zipembedzo zina?