Namwino Amaphunziranso pa Intaneti

Mwina mumaganiza kuti namwino akalandira satifiketi, basi sukulu yatha. Ayi ndithu. Ku United States kuli anamwino a maphunziro apamwamba, amene amayeza wodwala, kupeza matenda ndi kulemba mankhwala. Maphunziro awo anayambira pa yunivesite ya Colorado mu 1965. Lero ambiri amawonjezera luso pa intaneti, osasiya nchito.

Luso limodzi lofunika kwa namwino wa dziko lililonse ndi lothandiza munthu amene ali mwakayakaya. Mu 2018, mabungwe a WHO ndi Red Cross anatulutsa maphunziro a cithandizo cadzidzidzi. Amaphunzitsa kuyang'ana zinthu zisanu motsatana. Kodi njira ya mpweya ndi yotseguka? Akupuma bwino? Magazi akuyenda bwino, kapena akutayika? Akuyankha mukamuitana? Pomaliza, kuona thupi lonse.

Pa kompyuta kapena pa foni, namwino amaonera mavidiyo, kenako amapatsidwa nkhani ya wodwala wongopeka kuti asankhe coyamba kucita. Akalakwitsa palibe amene amafa, amangobwerezanso. Koma kuika diripi kumafuna manja. Conco amayesererabe pa zidole, mphunzitsi ali pomwepo.

Kunonso ku Moçambique, Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa anchito ake pa intaneti kudzera mu Telessaúde.

Nanga inu? Mukafika kucipatala ndi munthu wobanika, wokomoka kapena wotaya magazi ambiri, musangokhala cete pamzere. Uzani namwino nthawi yomweyo. Ndipo namwino akayamba ndi wina wobwera pambuyo panu, musakwiye. Mwina waona cizindikiro coopsa.