Khonde Likayamba Kufooka: Kulikonza Kapena Kulimanganso?

Mvula ikakata, mwera nuyamba kuomba m'mwezi wa Meyi, mwini nyumba wosamala amazungulira nyumba yake kuti aone zimene dzinja lamsiyira. Kaŵirikaŵiri malo amene amamuimitsa ndi khonde lakuseri. Amapeza nsanamira imodzi itapendekeka, malata aŵiri atachita dzimbiri, ndipo pansi patang'aluka kuchokera pakhomo kufika m'mphepete. Pamenepo m'banja mumabuka maganizo aŵiri. Bambo, poganizira za fizi ndi feteleza, amafuna kuti khondelo lingoikidwa zigamba. Mwana amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, poona nyumba zatsopano za anzake, amafuna kuti ligwetsedwe, limangidwe lina. Onse aŵiri ali ndi mfundo, koma onse aŵiri akuweruza mlandu asanamve mboni.

Khonde si chokongoletsera nyumba chabe. Ndi pamene amayi amasankhira mpunga, pamene ana amalembera ntchito ya kusukulu dzuŵa lisanaloŵe, ndiponso pamene mphunzitsi amachongera makope m'nyumba mukatentha. Kuposa apo, khonde ndilo chishango cha khoma, pakuti limaletsa mvula yamphepo kumenya njerwa ndi kukumba m'munsi mwa maziko. Nyumba ya Mandala mu mzinda wa Blantyre, imene inamangidwa mu 1882, idakali chiimire ndi makonde ake aakulu kufikira lero, ndipo aliyense woiona angazindikire mmene denga lotambalala limasungira makoma. Motero funso la khonde ndi funso la nyumba yonse, ndiponso la moyo wa ana amene amaseŵera pansi pa mitanda yake.

Kulakwa kwa anthu ambiri nkwakuti amaweruza khonde ndi maonekedwe ake. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khonde lopakidwa penti chaka chatha likhoza kugwa maŵa, pamene lina lothimbirira ndi losuluka likhoza kukhala zaka zina makumi aŵiri. Khonde lili ndi mafupa, liliponso ndi chovala. Chovala ndi malata kapena udzu, penti, pulasitala ndi simenti yosalala ya pamwamba. Zimenezi zimatha ndipo zimasinthidwa popanda vuto. Mafupa ndi maziko, nsanamira, mtanda umene umagona pa nsanamirazo, ndi malo amene mapaso amalumikizana ndi khoma la nyumba. Mafupa ndiwo ayenera kufunsidwa poyamba.

Kufunsako sikulira sukulu ya umisiri. Kumalira nyundo, msomali wautali, chingwe ndi kamwala. Nsanamira iyenera kuyesedwa m'munsi, pamene imakhudzana ndi nthaka, chifukwa ndi pamene pamakhala chinyontho. Munthu afukule dothi pang'ono, nabaye mtengowo ndi msomali. Msomali ukaloŵa mosavuta ngati ukuloŵa m'chinangwa chophika, mtengowo waola. Kenaka agogode nsanamira yonse ndi nyundo: mtengo wamoyo umayankha ndi mawu olimba, koma umene chiswe chaudya m'kati umalira ngati ng'oma. Chiswe chimadya mwaulemu, chimasiya khungu la kunja lili bwinobwino, ndipo chizindikiro chake ndi timisewu tadothi tokwera pakhoma kapena pamtengo. Chingwe chomangirira kamwala chikalendeŵera pambali pa nsanamira chimaulula ngati yapendekeka, ndipo chingwe chomwecho chikakokedwa kuchokera kumapeto kwa mtanda kufika kumapeto kwina chimaonetsa ngati mtandawo wapinda msana.

Ming'alu nayo ili mitundu iŵiri. Ulipo mng'alu wochepa ngati tsitsi, umene umabwera simenti ikauma mofulumira. Umenewo ndi matenda a pakhungu. Ulipo wina umene mbali yake imodzi yatsika kuposa inzake, kapena umene ukulekanitsa khonde ndi khoma la nyumba. Woterowo aulembe ndi pensulo kumapeto kwake, auyese kukula kwake, naubwererenso patapita mwezi umodzi kapena iŵiri. Ukapitirira polembedwa paja, ndiye kuti nthaka ya pansi ikuyendabe, ndipo simenti iliyonse yomatapo idzang'aluka pomwepo dzinja likudzalo.

Makonde a matabwa okwezeka m'mwamba, onga amene amaoneka m'nyumba zogona alendo m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, ali ndi ngozi yakeyake. Thabwa limene limagwiriza khonde lotere ku khoma ndilo limasenza mbali yaikulu ya katundu, ndipo madzi otsika pakhoma amakonda kubisala kuseri kwake. Likagwiridwa ndi misomali yokha m'malo mwa mabauti, likhoza kuzuka tsiku limene anthu achuluka pakhondepo, monga pa chinkhoswe kapena pa maliro.

Mboni zikamveka, chiweruzo sichivuta. Ngati maziko sakuyenda, mtanda uli woongoka, ndipo pa nsanamira zisanu ndi imodzi yaola imodzi kapena ziŵiri, kugwetsa khonde lonse nkuononga chuma. Mmisiri amachirikiza mtanda ndi mtengo wongoyembekezera, nachotsa nsanamira yoolayo, naikapo ina. Malata obooka pamisomali amamatidwa, ndipo othaitha amasinthidwa limodzilimodzi. Koma ngati nsanamira zambiri zaola, mtanda wafumbwa, kapena pansi pakutsika, zigamba ndi ndalama zotaya m'madzi. Amisiri ambiri amatsata lamulo losavuta: mtengo wokonzera ukapitirira theka la mtengo womangira latsopano, nkwabwino kumanganso. Poŵerengera, munthu asaiŵale kuti kumanganso sikutanthauza kugula zonse; njerwa zabwino, malata amene sanathe ndi mapaso olimba a khonde lakale zimabwereranso pa ntchito.

Pali funso lina limene limaposa onse aŵiriŵa, ndipo ndilo limaiŵalika: chinaononga khondelo nchiyani? Nthaŵi zambiri yankho ndi madzi. Mtengo wouma bwino suola. Umayamba kuola chinyontho chake chikapitirira magawo 20 pa 100 alionse. Denga lalifupi limene limagwetsera madzi pa mapazi a nsanamira, bwalo lotsetserekera ku nyumba, ngalande yotsekeka ndi zinyalala, mulu wa nkhuni wotsamira khoma umene umaitana chiswe, zonsezi zikasiyidwa momwemo zidzadya khonde latsopano monga zinadyera lakale. Mvula ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 inaonetsa anthu a m'chigawo cha kummwera mmene madzi osoŵa njira amafooketsera maziko ndi makoma. Nchifukwa chake pansi pa khonde payenera kutsetsereka pang'ono kuloza kubwalo, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse, ndipo nsanamira ya mtengo iyenera kuima pa kachipilala ka konkire kotalikirako ndi dothi, osati kukwiriridwa m'nthaka.

Nkhani ya mitengo ndiyo imasiyanitsa kwambiri womanga wa lero ndi agogo ake. Iwo ankaloŵa m'thengo kukasankha muŵanga kapena tsanya, mitengo imene chiswe chimaipatsa ulemu. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, unkakondedwa pa chifukwa chomwecho, ndipo kukondedwako ndiko kunautha, kotero kuti kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiripo. Womanga wa lero amadalira bulugamu ndi paini wonga wa ku Chikangawa, mitengo imene siichedwa kugonja kwa chiswe ndi chinyontho ngati sinaloŵetsedwe mankhwala. Apa pali phunziro kwa wofuna kugwetsa zonse: mtanda wakale wa mlombwa umene udakali wolimba ndi chuma chimene sangachipezenso pa mtengo wotsika. Ndipo pali chenjezo kwa amayi: zidutswa za mitengo yoloŵetsedwa mankhwala, yobiriŵira kapena yakuda yonunkha phula, zisasonkhezedwe pamoto wophikira, pakuti utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni.

Amene waganiza zomanganso asankhe nyengo. Ntchitoyi ndi ya chilimwe, kuyambira Meyi kufikira Okutobala, osati ya mwezi wa Novembala mitambo itayamba kale kuda. Konkire wa pansi amasakanizidwa muyeso umodzi wa simenti, iŵiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, ndipo ayenera kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7. Mphamvu zake zenizeni zimakwanira patapita masiku 28. Kuchepetsa simenti kuti thumba la makilogalamu 50 lifike patali ndiko kugula mng'alu wa chaka chamaŵa. Nkwanzerunso kufunsa amisiri aŵiri kapena atatu, aliyense alembe papepala mtengo wa zipangizo padera ndi wa ntchito padera, pakuti mmisiri wofuna ntchito yaikulu saona chokonzeka, ndipo wofuna ndalama ya msanga saona choola.

Mutu umodzi susenza denga. Bambo uja ndi mwana wake akatenga nyundo ndi chingwe, nagwada limodzi pa mapazi a nsanamira, mkangano wao umasanduka masamu, ndipo masamu amenewo wophunzira wa Fomu 4 amaŵadziŵa bwino. Mwina adzapeza kuti nsanamira ziŵiri, ngalande imodzi ndi thumba limodzi la simenti nzokwanira. Mwina adzapeza kuti mtanda umene ana amakhala pansi pake wangotsala khungu lokha, ndipo pamenepo ayenera kuuchirikiza tsiku lomwelo ndi kuletsa ana kuseŵerapo kufikira ndalama zitapezeka. Chimene sayenera kuchita ndi kugula chitini cha penti nkuyembekeza kuti chiswe chidzachita manyazi.