Anyamata Olimbirana Mpando wa Quarterback

Mwezi wa Ogasiti ukafika m'dziko la America, pamene dzuwa la kumeneko lili pa ukali wake ndipo ophunzira ambiri akadali kwawo kutchuthi, m'mabwalo a masukulu aukachenjede mumayamba kumveka malikhweru ndi kugundana kwa zisoti, pakuti anyamata osewera mpira wachimereka amakhala atabwerera kudzakonzekera nyengo yatsopano ya masewero. Mpira umenewu si wamiyendo umene tiudziwa kuno kwathu: ngwosongoka mbali zonse ziwiri, amaunyamula m'manja ndi kuuponya, ndipo timu iliyonse, ya anthu 11 m'bwalo, imapatsidwa mwayi kanayi kuti iyende nawo mayadi 10 kulowera kudera la adani, ikalephera niupereka. Masukulu oposa 130 ndiwo ali m'gulu lapamwamba, ndipo ukulu wa chinthuchi uonekera pa bwalo la University of Michigan, limene limalowa anthu oposa 107,000, nilidzaza Loweruka lililonse pamene timu yapakhomo ikusewera.

Pakati pa onse ogwira ntchito m'masewero amenewa palibe amene maso a khamulo amamuyang'anitsitsa koposa mnyamata wotchedwa quarterback, amene amaima kumbuyo kwa mzere wa anzake asanu amphamvu, nalandira mpira poyamba pa kuukira kulikonse. Woonerera pakanema angayese kuti ntchito yake ndi ya mkono wokha, komatu mbali yake yaikulu ili m'mutu. Pakati pa kuukira kumodzi ndi kunzake pali masekondi 40 okha, ndipo m'kanthawi kameneko ayenera kumva chimene mphunzitsi walamula (kuyambira 2024 masukulu aakulu analoledwa kuika kachipangizo kolankhulira m'chisoti chake, kamene amakazimitsa pakatsala masekondi 15), kuuza anzake khumi, kupenya mmene adani aimira, kuzindikira msampha ngati autchera, ndi kusintha lamulolo akaona kuti liwagwetsera m'dzenje; ndipo mpira ukangofika m'manja mwake, amakhala ndi masekondi ngati atatu kuti asankhe mmodzi mwa anzake othamanga, nauponya kumene munthuyo akafike, osati pamene ali, uku amuna olemera makilogalamu oposa 120 akudza kudzamugwetsa.

Kale sizinali chomwecho. Pamene ophunzira a Rutgers ndi Princeton anachita masewero oyamba a pakati pa masukulu pa 6 Novembala 1869, mpirawo ankaumenya ndi mapazi, ndipo udindo umenewu kunalibe. Unabadwa ndi malamulo amene Walter Camp wa ku Yale anakhazikitsa m'chaka cha 1880, nudzakula pambuyo pa chaka cha maliro cha 1905, m'mene anyamata ambiri anamwalira chifukwa cha kupsinjana m'bwalo, kotero kuti Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitana akuluakulu a Harvard, Yale ndi Princeton kuti akonze zinthu. M'chaka chotsatira kuponyera mpira kutsogolo kunaloledwa, ndipo kuyambira pamenepo woponyayo anakwera pang'onopang'ono kufikira anakhala mutu wa timu.

Tsono chimene chimalemetsa ntchito imeneyi ndi ichi, chakuti mpando ndi umodzi. Olandira mpira amalowa atatu kapena anayi nthawi imodzi, othamanga nawo amalandizana akatopa, otchinga ali ndi malo ambiri. Koma quarterback ndi mmodzi, ndipo akakhala wathanzi ndi wopambana sachoka pamalo pake kufikira nyengo itatha. Komabe sukulu iliyonse yaikulu imasunga anayi kapena asanu, pakuti fupa la munthu silinena tsiku limene lidzathyoke. Ndipo anayiwo si anthu wamba ayi. Aliyense wa iwo anali mfumu ya bwalo kwawo, ku Texas, ku Georgia, ku Florida kapena ku California, kumene masukulu a sekondale amasewera Lachisanu madzulo mzinda wonse ukuonerera; aliyense anapimidwa ndi makampani monga Rivals ndi 247Sports, amene ntchito yawo ndiyo kuyesa ana a zaka 16 ndi 17 ndi kuwagawira nyenyezi, zisanu kwa opambana koposa, amene pachaka amangokhala makumi ochepa m'dziko lonse; ambiri anaphunzitsidwa ndi aphunzitsi apadera amene makolo anawalipira, ena naitanidwa ku msasa wotchuka wa Elite 11; ndipo pa tsiku losaina, m'Disembala kapena m'Febuluwale, aliyense anavala chipewa cha sukulu imene anasankha, amake akulira misozi yachimwemwe pamaso pa makamera. Mtima wanga umagwa chisoni ndikaganiza za mwana woleredwa m'matamando otere, amene pofika apeza kuti mnzake wokhala naye m'chipinda chophunzirira anatamandidwanso chimodzimodzi chaka chathacho, ndi kuti wina wotere akudza chaka chamawa.

Mpikisano wawo umayamba m'Malichi ndi m'Epulo, pamene malamulo amalola timu kuchita zokonzekera masiku 15, nupitirira m'miyezi yotentha ya kunyamula zitsulo ndi kuthamanga, nufika pachimake m'masabata a Ogasiti. M'menemo kanthu kalikonse kamawerengedwa. Makamera oikidwa pansanja amajambula zokonzekera zonse, ndipo madzulo anyamatawo amakhala pamodzi ndi mphunzitsi wa oponya mpira, naonetsedwa kangapo konse phazi limene anaponda molakwika ndi mnzawo amene anali poyera koma sanamuone. Othandiza aphunzitsi, amene ambiri mwa iwo ndi achinyamata olandira malipiro ochepa ndi ogona mochedwa, amalemba mipira imene aliyense waponya, yofika ndi yogwidwa ndi adani. Chimene onse amachiyang'anitsitsa, ngakhale atolankhani oima kunja kwa mpanda, ndicho chakuti ndani akupatsidwa nthawi yambiri yosewera ndi gulu loyamba, pakuti pakamwa pa mphunzitsi pangabise, koma kagawidwe ka nthawi kameneka sikanama. Kumbuyo kwa onsewa kuli asing'anga omanga mabondo ndi akakolo, osamala zisoti ndi zovala, ophika, ndi anyamata ena amene ntchito yawo sabata ndi sabata ndiyo kutsanzira kasewero ka adani akudzawo kuti anzawo azolowere, iwo eni osayembekeza kulowa m'bwalo Loweruka.

Pali vuto limodzi limene nzeru zonsezi sizinalithetse. Pokonzekera, quarterback amavala malaya a mtundu wosiyana ndi anzake, chizindikiro chakuti asagwetsedwe, pakuti palibe mphunzitsi angalole kuti chuma chake chisweke nkhondo isanayambe. Chifukwa chake chinthu chofunika koposa, ndicho mtima wa munthu pamene wagwetsedwa kachitatu ndipo khamu likumukuwiza, sichioneka konse m'Ogasiti. Mphunzitsi amasankha monga mlimi wogula ng'ombe yapagoli asanaione ikulima. N'chifukwa chake ambiri amazengereza kulengeza, nalemba maina awiri pamalo amodzi kufikira sabata la masewero oyamba. Amati akubisira adani, ndipo nthawi zina n'zoona. Koma ndiyenera kunena poyera kuti kawirikawiri amabisiranso mwana wogonjayo, kuti adziwe mlandu wake nthawi yosamukira kwina itapita, ndipo mchitidwe umenewu sindiuyesa wolungama.

Nkhani imene imaonetsa bwino kulemera kwa zinthuzi ndi ya ku Alabama. Pa 8 Januwale 2018, mumzinda wa Atlanta, timu ya sukuluyo inali kulimbirana chikho cha dziko lonse ndi Georgia, ndipo popita kokapuma inali kugonja 13 kwa 0. Mphunzitsi wake, Nick Saban, anatulutsa Jalen Hurts, amene m'zaka ziwiri anali atagonja kawiri kokha, nalowetsa Tua Tagovailoa, mnyamata wamanzere wa ku Hawaii wa chaka choyamba. Ndipo iyeyo, m'nthawi yoonjezera, atangogwetsedwa kumene ndi kutaya mayadi 16, anaponyera DeVonta Smith mpira wa mayadi 41, Alabama nipambana 26 kwa 23. Nyengo yotsatira mpando unapita kwa Tagovailoa, ndipo ambiri anayembekeza kuti Hurts asonkhanitsa katundu wake. Iye anakhala. Anakhala pabenchi miyezi itatu, nalowa pokhapokha masewero atapsa kale, akuphunzira malamulo a sabata iliyonse monga ngati adzawagwiritsa ntchito mawa lake. Kufikira pa 1 Disembala, m'bwalo lomwelo la Atlanta ndi pamaso pa adani omwewo a Georgia, pamene Tagovailoa anavulala kakolo m'chigawo chomaliza Alabama ikugonja 28 kwa 21, Hurts analowa, naponya mpira wobala chigoli, nathamangira china ndi miyendo yake, timuyo nipambana 35 kwa 28. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Atatenga digiri yake anasamukira ku Oklahoma, ndipo m'Febuluwale 2025 anatsogolera timu ya akatswiri ya Philadelphia Eagles kupambana Super Bowl, masewero olimbirana chikho cha ligi ya NFL, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse tsiku limenelo.

Komatu ndingalakwire choonadi ndikanena kuti kudikira ndiko njira yokhayo yaulemu, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. M'chaka chomwecho cha 2018 Joe Burrow, amene anakhala zaka zitatu ku Ohio State osauona mpando, ataona kuti ukupita kwa Dwayne Haskins, anasamukira ku LSU. Ndipo mu 2019 anaponya mipira 60 yobala zigoli, timu yake nipambana masewero onse 15, iye nalandira mphotho ya Heisman, imene kuyambira 1935 imapatsidwa kwa wosewera wopambana wa m'masukulu, Hurts nakhala wachiwiri kwa iye. Akadadikira, dziko silikadamudziwa. Ku Clemson, mu 2018, Kelly Bryant atachotsedwa pampando pambuyo pa masewero anayi kuti alowe Trevor Lawrence, anachoka sabata lomwelo, pakuti lamulo latsopano linkalola wosewera masewero osapitirira anayi kusunga chaka chimenecho, chisawerengedwe pa zaka zake zosewera. Anthu ena anamutcha wothawa nkhondo, koma mwanayo anali ndi chaka chimodzi chokha chotsala, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nayo Ohio State inaonetsa mu 2014 chifukwa chake masukulu amaumirira kusunga ambiri: Braxton Miller anavulala phewa m'Ogasiti, J.T. Barrett nathyoka kakolo m'Novembala, ndipo chikho cha dziko lonse anachitenga ndi wachitatu, Cardale Jones, amene anali asanayambepo masewero ndi amodzi omwe kufikira atatu otsirizawo.

Za malipiro a antchito amenewa pali mbiri yosakoma. Kwa zaka zambiri bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'masukulu, linalimbikira kuti anyamatawa ndi ophunzira chabe, oyenera kulandira maphunziro aulere, chakudya ndi pogona, osati ndalama. Pamene aphunzitsi awo ankalemera, Saban mwini nafika polandira madola oposa 10 miliyoni pachaka, ndipo mphunzitsi ankatha kusiya timu usiku umodzi atapeza malipiro abwino kwina, koma mwana wosamuka ankalangidwa kukhala chaka chathunthu osasewera. Goli limeneli lathyoka m'masiku athu ano. Mu Okutobala 2018 kunatsegulidwa kaundula wa pakompyuta mmene wofuna kusamuka amalembetsa dzina lake popanda kupempha chilolezo cha mphunzitsi. Mu 2021 chilango cha chaka chija chinachotsedwa kwa osamuka koyamba, ndipo pa 1 Julayi chaka chomwecho osewera analoledwa kulandira ndalama pa dzina lawo ndi nkhope zawo. Kenaka mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola sukulu iliyonse kugawira osewera ake a masewero onse ndalama zofika madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Lero quarterback wotchuka angalandire madola opitirira miliyoni asanamalize maphunziro, ndipo mpikisano wambiri umene kale unkachitikira m'bwalo m'Ogasiti tsopano umathera pa msika wa osewera osamuka, pakuti sukulu imene yagula munthu pamtengo wotere siimukhazika pabenchi. Okonda zakale amadandaula kuti kukhulupirika kwatha, ndipo dandaulo lawo ndilimva, popeza ochita monga Arch Manning, amene anadikira zaka ziwiri ku Texas kumbuyo kwa Quinn Ewers angakhale masukulu ambiri akadamulandira ndi manja awiri, achepa ndithu. Koma kukhulupirika kumene ankafunsa kwa ana okha, akuluakulu ali omasuka, sikunali koyenera kukulirira kwambiri.

Pakutha pa zonse, mwa osewera 100 a m'masukulu, osakwana awiri ndiwo amatengedwa ku ligi ya akatswiri ya NFL, imene ili ndi matimu 32, ndiye kuti mipando 32 yokha ya oponya mpira oyamba. Otsalawo amatuluka ndi digiri, amene anaisamala, ndi mabondo opweteka, nalowa m'malonda, m'uphunzitsi ndi m'ntchito zina. Ndipo ambiri mwa amene anakhala zaka pambali pa bwalo, atavala zomvera m'makutu ndi kupereka zizindikiro za manja kwa mnzawo wosewerayo, amapezeka kuti anaphunzira masewerowo mozama koposa amene ankaomberedwa m'manja. Wotere ndi Lincoln Riley, amene anafika ku Texas Tech mu 2002 ngati quarterback wopanda thandizo la maphunziro, osasewerapo konse, kufikira mphunzitsi Mike Leach anamupempha kuti avule chisoti, akhale womuthandiza. Mu 2017, ali ndi zaka 33, anakhala mphunzitsi wamkulu wa Oklahoma. Ndiye amene analandira Hurts pochoka ku Alabama, ndipo anyamata atatu amene anawaphunzitsa, Baker Mayfield mu 2017, Kyler Murray mu 2018 ndi Caleb Williams mu 2022 ku USC, kumene Riley anali atapita, analandira mphotho ya Heisman, onse atatu atasamuka kuchokera kumasukulu kumene anayambira.