Kuwedza Citsulo Pansi pa Nthaka

M'zaka za m'ma 1980 kampani ya Placid Oil inaboola citsime cakuya ku Chama, m'cigwa ca Luangwa, kufunafuna mafuta, koma sinawapeze. Pa nchito yotere bvuto lalikuru ndilo paipi yobowolera ikakanirira kapena kuthyokera pansi. Dzenjelo n'lopapatiza, munthu sangatsikemo monga acitira mu mgodi. Cifukwa cace amisiri amaiwedza paipiyo ngati nsomba. Citsulo cochedwa overshot cimameza mutu wa paipi ndi kuigwira kunja. Spear imalowa ndi kugwira m'kati. Jar imagunda ngati nyundo kufikira paipi itamasuka. Zonsezi zikalephera, amatsekapo ndi simenti naboola njira yina pambali, ndipo masiku ndi ndalama zambiri zimatayika.