Banyira wa Katundu Amene Sanafike

Mayi wogulitsa tomato pa msika wa pa boma ku Mchinji akaona kasitomala wake wa masiku onse, amamuonjezerako awiri kapena atatu. Ena amati banyira. Ena, makamaka oyandikira chipata cha Mwami, amati mbasela monga anzathu a ku Chipata. Mphatso imeneyi ilibe chinyengo, pakuti wogula waona katunduyo ndi maso, wamukhudza, ndipo banyira amabwera malonda atatha.

Makampani opanga masewero a pa kanema, aja achinyamata athu amalipira kuti asewere pa makina a PlayStation m'tinyumba ta m'misika, anautembenuza mwambowu. Iwo amalonjeza banyira kwa amene alipire masewerowo asanatuluke. M'chaka cha 2023, kampani ya EA itasintha dzina la masewero ake a mpira kuchoka pa FIFA kukhala EA Sports FC, inalola ogula mtundu wokwera mtengo kuyamba kusewera masiku 7 anzawo asanayambe. Makampani ena amapereka zovala kapena zida za m'kanema momwemo, zinthu zimene siziwadyera ndalama kwenikweni.

Kodi pamenepa pali tchimo? Kulipiriratu pakokha si kulakwa. Mmisiri wa matabwa amapempha ndalama yoyambira asanakhome mpando, ndipo palibe amamudzudzula. Vuto limayamba pamene banyira akhala nyambo yoti munthu asadikire kumva kwa amene ayesapo kale.

Zinachitikadi mu Disembala 2020. Kampani ya CD Projekt ya ku Poland inalandira maoda okwana 8 miliyoni a masewero a Cyberpunk 2077 asanatuluke. Olemba nkhani anapatsidwa mtundu wa pa kompyuta wokha kuti auyese, koma wa pa PlayStation 4, umene unali ndi zolakwika zambiri, sanauone. Madandaulo atachuluka, kampani ya Sony inachotsa masewerowo pa msika wake nkuyamba kubweza ndalama, ndipo anabwererapo mu Juni 2021. Amene anapwetekeka ndi omwewo amene ankaikhulupirira kwambiri kampaniyo kaamba ka ntchito zake zakale. Anagula mbereko mwana asanabadwe, ndipo chowakopa chinali chikhulupiriro chawo chomwecho.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2409 ndi 2410, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chiwiri, amaika chinyengo cha pa malonda ndi kudyerera umbuli wa mnzako m'gulu la kuba, ndiponso amati mapangano olungama ayenera kusungidwa. Tsono wogulitsa wobisa chilema cha katundu wake mpaka atalandira ndalama sangadziyeretse ndi kamphatso.

Kuno kwathu nkhaniyi imakula. Mwini kanyumba ka masewero amapereka ndalama kwa wamalonda wopita ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, pomulonjeza kuti akhala woyamba m'dera kukhala ndi mpira watsopano. Zikalephereka, kampani ya kunja siyimudziwa nkomwe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a ogula. Dzanja lake silifika ku Poland, koma limafika kwa wamalonda wa m'dziko muno, makamaka ngati wogulayo anasunga lisiti lolembedwa dzina la katundu, mtengo wake ndi tsiku loti afike.