MAKINA A KU YUNIVESITE: KODI ADZAFIKA LITI PA DIMBA?

Munthu wocokera ku Chipata pa msewu waukulu wa Great East, asanalowe mkati mwa mzinda wa Lusaka, amaona m'mbali mwa msewu nyumba zazikulu za Yunivesite ya Zambia. Ambiri amaidziwa monga malo kumene ana ao amakatengako madigiri. Ndi ocepa amene adziwa kuti kumeneko kulinso kabungwe kamene nchito yace ndi kupanga ndi kuyesa makina othandiza anthu wamba, ndipo tsogolo la kabungwe aka likhudza mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi koposa mmene iye angaganizire.

Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, Azambia amene anali atatsiriza maphunziro a pa yunivesite anali ngati 100 cabe. Anthu wamba anasonkha ndalama zothandizira kumanga sukulu lalikululi, ndipo linatsegulidwa mu 1966. Cigawo cophunzitsa mainjiniya cinayamba mu 1969. Pofika mu 1975 kunakhazikitsidwa kabungwe kochedwa Technology Development and Advisory Unit, kapena TDAU mwacidule, kuti nzeru za m'kalasi zisanduke zipangizo zimene munthu angagwire ndi manja. Mwa zimene kakhala kakupanga muli makina opsinjira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimene sizifuna kuochedwa ndi nkhuni, ndi mapampu okweza madzi popanda dizilo kapena magetsi.

Pampu yotereyi ionetsa bwino cifukwa cace akatswiri a nzeru zosiyana ayenera kukhala pansi pa denga limodzi. Si yacilendo iai: inayamba kugwira nchito ku France mu 1796, ndipo anaikonza ndi Joseph Montgolfier. Madzi a mumtsinje amatsika m'paipi ndi liwiro. Kumapeto kwa paipi kuli kacitseko kamene kamatsekeka mwadzidzidzi, ndipo madzi othamangawo, posowa kopita, amakankha kacitseko kena ndi kulowa m'cibotolo ca citsulo mmene muli mpweya. Mpweya wopanikizidwawo ndiwo umawakankhira m'paipi yokwera kumtunda. Pampuyo imagunda usana ndi usiku monga mtima wa munthu, ndipo silipiritsa ngwee. Koma madzi amene imakweza ndi ocepa, kawirikawiri ngati gawo limodzi mwa magawo khumi, pamene otsalawo amabwerera kumtsinje.

Tsono wodziwa za makina akhoza kusula pampu yabwino zedi, koma payekha sangauze mudzi pamene iyenera kuikidwa. Pafunika wopima malo kuti aone ngati madzi atsika mokwanira. Pafunika wodziwa za mitsinje kuti anene ngati kamtsinjeko kadzakhala kakuyendabe mu October. Wa zaulimi ayenera kuwerengera madzi amene dimba la repu ndi matimati lingamwe pa tsiku, ndipo wa zaumoyo ayenera kunena ngati ana angamwe madziwo. Mmodzi mwa awa akasowapo, pampu imasanduka citsulo ca dzimbiri cogona m'udzu. Ndiponso m'madambo ambiri a Cigawo ca Kum'mawa madzi amangodikha osatsika, kotero kuti kumeneko pampu iyi ilibe nchito ngakhale ikhale yokongola bwanji. Kufunika ya mtundu wina, monga yopondaponda kapena yoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo pamenepo wodziwa za magetsi nayenso aitanidwe.

Bvuto ndi lakuti mayunivesite anamangidwa monga midzi ya mipanda. Wa zamagetsi ali ndi cigawo cace, wa zaulimi cace, wa zamigodi cace, ndipo mphunzitsi amakwezedwa pa nchito makamaka cifukwa ca mapepala amene walemba m'nzeru yace yomweyo. Wotaya miyezi itatu kumudzi akuyang'anira ngati cokenulira nshawa cithyola maso a mbeu salandira ulemu wofanana ndi wolemba pepala lowerengedwa kunja kwa dziko. Ici ndi cinthu cimene akuluakulu a maphunziro angathe kukonza popanda kupempha thandizo kwa wina ali yense.

Za ndalama ndizo zobvuta koposa. Caka comwe TDAU inabadwa, 1975, ndico caka cimene kugwa kwa mtengo wa mkuwa kunayamba kupweteka cuma ca dziko lino, ndipo zaka zotsatira zinali za njala m'thumba la Boma. Mabungwe otere m'maiko ambiri a mu Africa akhala akudalira thandizo la akunja, limene limabwera zaka zitatu kapena zisanu ndi kupita. Pamene thandizo latha amauzidwa kuti adzidyetse okha pogulitsa zimene apanga. Kugulitsa si koipa, cifukwa kumaonetsa makina amene anthu afunadi. Koma malo ofufuzira akasanduka sitolo, amayamba kupanga zokhazo zimene ogula a ndalama afuna, ndipo kuyesa cinthu catsopano, cimene cingalephereke kasanu cisanatheke, kumaleka. Mlimi wa mahekitala awiri sadzakhala konse wogula wamkulu.

Komatu nchito yoyembekezera akatswiriwa yacuruka tsopano kuposa mu 1975. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, pakuti cimanga ca pa mahekitala ngati 1 miliyoni cinaonongeka. Madzi anatsika m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, zigayo zambiri n'kuima. Mu August caka comweco Unduna wa Zaumoyo unanena kuti agalu ngati 400 anafa atadya cakudya copangidwa ndi cimanga coipa, ndi kuti poizoni yemweyo anapezeka mu ufa wina wogulitsidwa. Poizoniyo, wochedwa aflatoxin, amacokera ku cuku cimene cimamera pa cimanga ndi nshawa, makamaka mbeu zikabvutika ndi cilala m'munda kapena zikasungidwa zisanaume bwino. Amaononga ciwindi, ndipo kuphika sikumamupha.

Kodi bvuto limeneli ndi la yani? Dokotala aona wodwala cabe. Wofufuza mbeu pa Msekera, pafupi ndi Chipata, adziwa mtundu wa nshawa wopirira. Koma coumitsira mbeu cochipa, nkhokwe yosalowa cinyezi ndi anankafumbwe, ndi kacipangizo kouza mlimi kuti cimanga cace cauma kufika pa mlingo woyenera wa cinyezi, ngati magawo 13 pa 100 ali onse, zimenezi zifuna mainjiniya a mitundu itatu kapena inai kukhala pamodzi ndi dokotala ndi mlangizi. Palibe cigawo cimodzi ca yunivesite cimene cingacite zimenezi pacokha.

Palinso nkhani ya mtunda. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 550, ndipo kasipeyala kakang'ono kakathyoka, makina onse amaima mpaka wina atakwera basi. A ku Ghana anakumana ndi bvuto lofanana. Yunivesite ya ku Kumasi inatsegula kabungwe kotere mu 1972, koma patapita zaka zingapo akatswiri ace anaona kuti kukhala mkati mwa mpanda sikukwanira, ndipo anakatsegula nyumba ya makina pakati pa amisiri a pa Suame, malo aakulu okonzerako magalimoto mu mzinda womwewo. Kumeneko amisiri anaphunzira kusungunula citsulo ndi kupanga okha masipeyala, ndipo ambiri anayamba kupanga makina ndi kugulitsa.

Kuno kwathu amisiri otere alipo kale. Pa msika uli wonse waukulu, ku Petauke, ku Nyimba kapena ku Chadiza, pali oocherera zitsulo amene amapanga ngolo, zitseko ndi mbaula, ndipo amakonza mapulawo ndi zigayo popanda pepala lililonse lowatsogolera. Cimene asowa ndi zojambula zolondola, citsulo coyenera ndi munthu wophunzira wowayendera. Ophunzira uinjiniya amafunikira kale kukagwira nchito ya manja pa nthawi ya chuti asanalandire digiri, ndipo kawirikawiri malo amene amawaganizira ndi migodi ndi mafakitale. Ena mwa iwo akhoza kutumizidwa kwa amisiri a pa boma, miyezi ya kukolola, pamene zokenulira ndi zigayo zimathyoka kwambiri.