Dzina Lilimo, Koma Kompyuta Yangoti Zii

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a sukulu ya akuluakulu, ambiri a inu mwakhala mukuthandiza pa nchito yolemba pa kompyuta zinthu zakale za dera lathu lino: maina a m'mabuku a ubatizo ndi a ukwati, nkhani zimene agogo anatisimbira, ndiponso mindandanda ya mau ophunzitsira kuwerenga. Nchitoyi ndi yabwino ndithu, koma mafayilo akaculuka pamabuka vuto lina. Munthu afika pa mishoni kudzafuna umboni wa ubatizo wa mai ake. Inu mulemba dzinalo pa kompyuta, kompyuta ingoti zii. Ndiye mumuuza kuti, "Pepani bambo, dzinali mulibe." Munthu uja abwerera wapansi ulendo wa maola anai, pamene dzinalo lili m'fayilo momwemo, kungoti linalembedwa mwa njira ina.

Kompyuta ikakhala cete sikuti yanena kuti dzinalo mulibe. Yangonena kuti zilembo zimene mwaipatsa, m'ndondomeko imene mwaziika, sinazipeze. Nkhani yonseyi yagona pamenepa.

Pulogalamu imene tikambe pano dzina lake ndi grep. Siyatsopano ai. Anaipanga ndi Ken Thompson ku Bell Labs, ku America, ca m'ma 1973, ndipo mpaka lero imapezeka m'kompyuta za Linux ndi za Mac. Amene muli ndi Windows mukhoza kuipeza mwa kuika Git Bash, ndipo pa foni ya Android ilimo mu Termux. Imagwira nchito pa terminal, zenera lija lopanda zithunzi limene mumalembapo lamulo n'kudina Enter. Mukalemba

grep -n "Tsangano" mbiri.txt

ikuonetsani mzere uliwonse wa m'fayilo mbiri.txt umene muli mau akuti Tsangano, ndipo -n uja aikapo nambala ya mzerewo. Dziwani msanga kuti grep imawerenga zilembo zokhazokha. Fayilo ya Word, ya .docx, mkati mwake ndi yopanikizidwa, grep singaonemo kanthu. Iyambeni mwaisunganso ngati .txt, ndipo ikakufunsani mtundu wa zilembo musankhe UTF-8.

Cifukwa cake dzina limodzi lili ndi nkhope zambiri

Kuno kwathu palibe dzina lokhala ndi kalembedwe kamodzi, ndipo zifukwa zake ndi mbiri yathu yomwe. Ansembe ndi alembi a nthawi ya Apwitikizi ankalemba monga khutu lao linamvera: Macanga pamene ife timati Makanga, Ulónguè pamene timati Ulongwe, Dómuè pamene timati Domwe, ndi nh pamene ife timaika ny. Ambiri mwa maina amenewa ndi amene alibe kusintha pa zikalata za boma kufikira lero. Amene anaphunzira kuwerenga ndi Buku Lopatulika lakale anazolowera c yekha, monga m'mau akuti cifukwa. Ku Malawi, kumene Cicewa cinakhala cinenero ca dziko mu 1968, sukulu zinakhazikika pa ch. Kuno ku Mozambique msonkhano woyamba wokonza kalembedwe ka zinenero zathu unacitika ku Maputo mu 1988 motsogozedwa ndi NELIMO ya pa Universidade Eduardo Mondlane, ndipo Cinyanja cinatsata c.

Pamwamba pa zonsezi panadza nkhondo. Kuyambira maka mu 1986 anthu ambirimbiri a ku Tsangano, Angónia ndi Macanga anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Ana anaphunzira sukulu komweko, ena anabatizidwa komweko, ndipo pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anabwerera kumudzi ndi ch wao m'manja. Lero m'kalasi imodzi mukhoza kukhala ndi agogo olemba Cidzolomondo ndi mdzukulu wolemba Chidzolomondo, onse osalakwa. Amene analemba fayilo yanu ndi mmodzi wa anthu amenewa.

Kupanga cikombole

Cimene timapatsa grep sikuti ciyenera kukhala dzina lenileni. Cikhoza kukhala cikombole cimene maina angapo angalowemo, ndipo akatswiri amacichula kuti regex. Tiyambe ndi dzina la kuno komwe. Ndaliona litalembedwa Ntengo-Wambalame, Ntengo wa Mbalame, Mtengo-wa-mbalame, ndi zina zotero. Cikombole cimodzi cokwanira onsewa ndi ici:

grep -niE "[nm]tengo[- ]*wa[- ]*mbalame" *.txt

Musaope, tiyeni ticiphwanye. -i auza grep kuti isasiyanitse cilembo cacikulu ndi cacing'ono. Mikutiramau yamakona, [nm], itanthauza kuti pamalo pano pakhale cilembo cimodzi, n kapena m. Cimodzimodzi [- ] ndi kamzere kapena mpata. Kanyenyezi kotsatira kakuti zimenezo zikhoza kukhalapo kamodzi, kambiri, kapena osakhalapo konse. Ndipo *.txt ya kumapeto ndiyo mafayilo onse a .txt a m'foda imene mulimo.

Pa nkhani ya c ndi ch, mfunsiro ndiye mnzanu. Iye amati cilembo ca kumbuyo kwake cikhoza kukhalapo kapena ai. Mukafuna Chinsinga, mfumu yotsiriza ya Makanga imene Apwitikizi anaigonjetsa mu 1902, lembani "ch?insinga" ndipo mupeza Cinsinga ndi Chinsinga yemwe. Dzina la dzikolo likhala "ma[ck]anga". Liu lakuti nchito, limene anzathu a ku Malawi amalemba ntchito, likhala "nt?chito". Koma cenjerani: mfunsiro amagwira nchito imeneyi pokhapokha mwaika -E. Mukaiwala -E, grep ifunafuna mfunsiro weniweni pakati pa dzina, ndipo singaupeze. Cimodzimodzi ndi kamzere koimirira kotanthauza "kapena", monga mu "Lifidzi|Fonte Boa". Ine ndimangoika -E nthawi zonse, kuti ndisamavutike kukumbukira.

Misampha imene imakola ambiri

Msampha woyamba, umene ndi wa cinenero cathu ceniceni, ndi nkhodolero ya mu ng'. Mabuku ambiri ophunzitsa grep amati cikombole muciike pakati pa mitengero ya kadontho kamodzi. Kwa Azungu zimayenda. Kwa ife, mukalemba

grep 'ng'ombe' mbiri.txt

terminal imaona ngati nkhodolero ya pakati ija yatseka mtengero, ndipo ya kumapeto yatsegula wina. Ndiye imangokuonetsani cizindikiro > n'kumadikira kuti mumalize. Anthu ambiri apa amaganiza kuti kompyuta yafa, ena mpaka kuizimitsa. Sinafe. Dinani Ctrl ndi C pamodzi, mubwereze ndi mitengero iwiri-iwiri: "ng'ombe".

Mwina mwatero koma simunapezebe ng'ombe ndi imodzi yomwe, m'nkhani ya Angoni imene mukudziwa kuti ng'ombe zili ponseponse. Apa wolakwa ndi Word. Mukamalemba, Word imasintha nkhodolero yoongoka (') kukhala yopindika (’). M'maso mwathu ndi cimodzimodzi, kwa kompyuta ndi zilembo ziwiri zosiyana. Onjezani apa alembi ena amene nkhodoleroyo anaisiya dala, n'kulemba ngombe. Cikombole "ng['’]?ombe" cigwira mitundu itatu yonseyi. Vuto lomweli lili pa m'mudzi, n'kupita, pang'ono, ndi dzina lililonse lokhala ndi ng'. Za ŵ nazonso: wina analemba Malaŵi, wina Malawi, ndiye funani "mala[wŵ]i".

Msampha waciwiri ndi kanyenyezi. Pa maina a mafayilo, monga *.txt, kamatanthauza "ciliconse". M'kati mwa cikombole tanthauzo lake ndi lina: kamanena za cilembo cimodzi cokha ca kumbuyo kwake. Munthu akalemba "*mbalame" poganiza kuti apeza zonse zothera ndi mbalame, grep yopanda -E imafuna kanyenyezi keni-keni ndipo sipeza kanthu. Sikafunika n'komwe, pakuti grep imayang'ana kale pena paliponse mu mzere. Mukafunadi kunena kuti "pakati apa pakhale ciliconse", lembani mpumiro ndi kanyenyezi pamodzi: "Phiri.*1974" ipeza mzere umene muli Phiri ndipo patsogolo pake 1974.

Mpumiro payekha amaimira cilembo cimodzi ciliconse. Nthawi zina n'zothandiza: "Ul.ng[uw]" ipeza Ulongwe ndi Ulónguè. Nthawi zina n'zosokoneza: pofuna deti la 1.5 mulandiranso 105, 125 ndi 1/5. Ngati mufuna mpumiro weniweni, ikani kamzere kopendekera kumbuyo, 1\.5, kapena gwiritsani -F m'malo mwa -E, amene amauza grep kuti itenge zilembo zonse monga momwe ziliri.

Pali misampha iwiri imene siioneka ndi maso. Cizindikiro $ m'cikombole cimatanthauza mapeto a mzere, kotero "1974$" iyenera kupeza mizere yothera ndi cakaco. Koma fayilo yolembedwa pa Windows imakhala ndi cilembo cobisika pa mapeto a mzere uliwonse, ndipo pa Linux cimenecho cimatsekereza. Lembani cat -A mbiri.txt, mukaona ^M$ kumapeto kwa mizere, ndi comweco. Cotsani $ m'cikombole canu, kapena konzani fayiloyo ndi dos2unix. Wina ndi wa mafayilo akale a zaka za m'ma 1990 ndi 2000, okhala ndi zilembo za Cipwitikizi monga ã, ç ndi ó, amene sanasungidwe mu UTF-8. Pa mafayilo otere grep ikhoza kungoyankha kuti "binary file matches" osakuonetsani mzere. Lamulo lakuti file mbiri.txt likuuzani mtundu wa zilembo zake, ndipo

iconv -f WINDOWS-1252 -t UTF-8 mbiri.txt > mbiri2.txt

lipanga kope yatsopano yowerengeka bwino.

Taonani kuti kope yatsopanoyo ndaipatsa dzina lina. Ili ndilo cenjezo lalikulu koposa m'nkhani ino. Cizindikiro > cimatumiza zotsatira m'fayilo, koma cimayamba cafafaniza zonse zimene zinali m'fayiloyo. Mukalemba dzina lomwelo mbali zonse ziwiri, mbiri.txt > mbiri.txt, fayilo yanu ikhala yopanda kanthu grep isanawerenge ndi mzere umodzi womwe, ndipo palibe batani lobwezera. Nkhani ya agogo amene anamwalira kale simungakaifunsenso. Sungani kope pa fulashi musanayambe kusewera ndi malamulo amenewa.

Kuculukitsa ndi kucepetsa

Nthawi zina vuto silikhala kusowa koma kuculuka. Mufuna Banda, mulandiranso Bandawe. Apa -w amathandiza, pakuti amafuna liu lathunthu. Komabe ine sindimukhulupirira kwambiri -w pa Cinyanja, cifukwa alembi ambiri amaphatikiza: kuTsangano, waTsangano, paFurancungo. Mukaika -w onsewa athawa. Ndi bwino kulandira mizere khumi yosafunika n'kuisankha ndi maso, kusiyana ndi kutaya mzere umodzi umene munthu wauyendera ulendo. Kumbukiraninso kuti -c amawerenga mizere, osati maina; mzere wokhala ndi a Phiri atatu uwerengedwa kamodzi.

Nanga cikombole cikakana ndipo simukudziwa cifukwa, mutani? Musaonjezere zizindikiro. Cepetsani. Tengani kacigawo ka dzina kamene alembi onse sangasiyane, monga "mbalame" kapena "tengo", mufune kameneko kokha ndi -i. Cikapezeka, onjezani cidutswa cimodzi, muyesenso, mpaka pamene zotsatira zizimirire. Pamene zazimirira ndi pamene pali vuto. Ngati ngakhale kacigawo kakang'onoko sikapezeka, yesani liu limene mukuliona ndi maso anu m'fayilomo. Likakananso, vuto silili m'cikombole, lili pa fayilo kapena pa foda imene mwaimamo. Ndiponso grep imawerenga mzere umodzi pa nthawi: ngati Ntengo ali kumapeto kwa mzere ndipo wa Mbalame ali pa mzere wotsatira, cikombole cacitali sicidzawagwira, koma kacigawo kadzatero.

Lamulo limene ndimalikonda ine, ndipo likhoza kukupatsani phunziro la tsiku lonse m'kalasi, ndi ili:

grep -ohiE "[nm]tengo[- ]*wa[- ]*mbalame" *.txt | sort | uniq -c

Limeneli litulutsa mndandanda wa kalembedwe konse ka dzinalo kamene kali m'mafayilo anu, ndi kuti kalikonse kapezeka kangati. Lembani mndandandawo pa bolodi, mufunse ophunzira kuti ndani analemba motere ndipo anaphunzira kuti. Koma conde musakonze maina a m'mabuku akale kuti afanane. Ngati wansembe analemba Macanga, pa kompyuta pakhalenso Macanga, pakuti ndi mmene zilili pa cikalata cimene mwini wake wasunga m'bokosi kwao.

Pomaliza pali maina amene cikombole ciliconse sicingawagwire. M'mabuku a nthawi ya atsamunda Ulongwe mudzampeza akuchedwa Vila Coutinho, ndipo maina awiriwa safanana konse. Mai amene kumudzi ankadziwika ndi dzina la mfunda, NaPhiri kapena NaBanda, m'buku la ubatizo angakhale ndi dzina la woyera mtima lotsatana ndi dzina la atate ake. Cotero munthu akafika ndipo kompyuta yangoti zii, musamuuze kuti mulibe. Mukhazikeni pansi, mumufunse dzina la ubatizo la mai akewo, dzina la atate ao, mudzi umene ankakhala nkhondo isanayambe, ndi caka cimene akuganizira. Funani mudziwo ndi cakaco poyamba, dzinalo mulione ndi maso pa mizere imene ituluke.